"Ndimalira ndikadziona pagalasi": yankho kwa mayi wa zaka 48

Funso

"Adokotala, ndili ndi zaka 48. Kuyambira ndili mtsikana anthu ankandiyamikira kuti ndine wokongola. Zaka ziwiri zapitazi nkhope yanga yasintha mofulumira: masaya agwa, maso alowa, pamasaya pabwera mawanga akuda, ndipo imvi zadzaza kutsogoloku. Mwezi watha ndinapeza chithunzi chomwe ndinajambulitsa ndili ndi zaka 23, ndipo ndinalira usiku wonse. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 22, ndipo ndi ine ndendende wa pachithunzipo. Tikamayenda limodzi anthu amacheukira iye, ine ngati palibe, ndipo ndikuchita manyazi kuvomera kuti nthawi zina ndimamuchitira nsanje. Bambo a kunyumba sanenapo kanthu. Mnzanga anandipatsa mafuta oyeretsa khungu opanda dzina, ndadzola miyezi 3. Kodi alipo mankhwala obwezeretsa nkhope yanga yakale? Nanga ndine munthu woipa polirira zinthu zotere?"

Yankho

Mayi, ndiyambira kumapeto kwa kalata yanu, chifukwa ndikuona kuti funso lomalizalo ndi limene lakusowetsani tulo. Simuli munthu woipa. Pa zaka zonse zomwe ndakhala ndikuthandiza anthu odwala khungu, mawu ngati anuwa ndawamva kambirimbiri, ndipo kawirikawiri amatuluka mochedwa, munthu atanyamula kale chikwama kuti azipita. Amabwera ndi nkhani ya kabanga kamodzi ka patsaya, timakambirana, ndimamulembera mankhwala, ndiye atagwira chitseko amatembenuka n'kunena chapansipansi kuti, "Adokotala, ndikadziyang'ana pagalasi sindikudzidziwanso." Inu mwalimba mtima n'kulemba zimene anzanu ambiri amangomeza.

Maso anunso sakukunamizani. Nkhope yanu yasinthadi, ndipo chilipo chifukwa chomwe yasinthira mwaliwiro pa zaka ziwiri zimenezi. Chimene chimalimbitsa khungu kuti likhale lodzaza ndi losalala ndi timaulusi ta puloteni totchedwa collagen, tolukanalukana pansi pa khungu lapamwamba, pamodzi ndi tina totanuka ngati mphira totchedwa elastin. Munthu akadutsa zaka 25 kapena chapomwepo, collagen amayamba kuchepa ndi pafupifupi 1 peresenti chaka chilichonse. Kuchepa kotereku n'kwa kachetechete, munthu amatha zaka 20 osakuzindikira. Koma mzimayi akamafika posiya kusamba, homoni ya estrogen, yomwe imathandiza khungu kupanga collagen ndi kusunga chinyezi, imatsika kwambiri, ndipo kafukufuku wasonyeza kuti pa zaka 5 zoyambirira khungu likhoza kutaya collagen wofika pafupifupi 30 peresenti. Bungwe la World Health Organization limanena kuti amayi ambiri amasiya kusamba ali pakati pa zaka 45 ndi 55, ndipo mahomoni amayamba kukwera ndi kutsika zaka zingapo msambo usanasiyiretu. Simunanene za msambo wanu, koma pa zaka 48 muli pakati penipeni pa nyengo imeneyi. N'chifukwa chake amayi ambiri amsinkhu wanu amati anakalamba chaka chimodzi chokha.

Za masaya ndi maso, nkhani yake ili pansi kuposa khungu. Mafuta a pankhope amakhala m'timatumba tosiyanasiyana, ndipo zaka zikamapita timatumba tina timaphwa, tina timatsetserekera m'munsi. Mafupa a nkhope nawo amasintha: mabowo a maso m'chigaza amakula pang'ono, nsagwada imachepa. Khungu limakhala ngati diresi yomwe inasokedwa munthu ali wonenepa, thupi likachepa imalendewera ngakhale nsalu yake ili bwinobwino. Ndanena zimenezi kuti muone kuti palibe mafuta odzola omwe angafike pa fupa, kaya wogulitsayo alonjeze motani. Imvi nazo zimabwera maselo a m'mizu ya tsitsi opanga melanin, yemwe amapatsa tsitsi ndi khungu mtundu wakuda, akatopa, ndipo nthawi yake imayendera mtundu wa kubanja. Kwa anthu akhungu lakuda zimayamba kawirikawiri cha m'ma 45, choncho zanu zafika pa nthawi yake. Ngati mukufuna kuzida ndi dayi, palibe cholakwa, bola muyambe mwayesa pang'ono kuseri kwa khutu n'kudikira maola 48, chifukwa dayi wakuda wambiri ali ndi mankhwala omwe amatupitsa ndi kuyabwitsa anthu ena. Kuzizula kokha musiye. Sizichuluka mukazula monga amanenera, koma muzu wozulidwazulidwa umatha kufa osameranso tsitsi.

Tsopano za mafuta aja, ndipo apa ndikupemphani mundimvere ngati mchemwali wanu. Mafuta oyeretsa khungu omwe sanalembedwe zomwe zilimo kawirikawiri amakhala ndi chimodzi kapena zingapo mwa zinthu izi: steroid wamphamvu monga clobetasol, hydroquinone, kapena mercury. Zonsezi poyamba zimasangalatsa. M'masabata oyambirira nkhope imawala, mawanga amazilala, anthu n'kuyamba kufunsa kuti mukudzola chiyani. Chimenecho ndi chikomekome cha mkuyu. Steroid amaletsa khungu kupanga collagen, yemweyo amene mukumulira, moti pakapita miyezi khungu limapyapyala, timitsempha timaonekera, ziphuphu ndi zipere zimabuka, ndipo pamabwera mizere yong'ambika yomwe sichokanso. Akadzoledwa malo aakulu kwa nthawi yaitali amalowa m'magazi n'kukweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Hydroquinone ndi mankhwala enieni, ifenso timawalembera odwala mawanga, koma kwa miyezi yochepa ndi moyang'anira. Akadzoledwa nthawi yaitali amabweretsa vuto lotchedwa ochronosis, pomwe masaya amada bii ngati apsa ndi moto, ndipo kuda kumeneku n'kovuta kwambiri kuchiza. Madokotala a ku South Africa analemba za vutoli mu 1975 ataliona pa amayi ambiri odzola mafuta oyeretsa, ndipo mayiko a European Union analetsa hydroquinone m'mafuta odzikongoletsera kuyambira mu 2001. Mercury ndiye poizoni weniweni. Amawononga impso ndi mitsempha, amafika kwa mwana wa m'mimba, ndipo amatsalira pa mathawulo ndi zofunda moti ndi ena a m'nyumba omwe amakhudzidwa. Pangano la mayiko lotchedwa Minamata Convention, la mu 2013, linatenga dzina la mzinda wa ku Japan komwe mercury anapundula ndi kupha anthu ambiri, ndipo mafuta odzola okhala ndi mercury ali m'gulu la zinthu zomwe panganoli likuthetsa.

Amayi amene amandimvetsa chisoni kwambiri ndi omwe anabwera kwa ine atadzola mafuta oterewa zaka zingapo. Anayamba ndi kabanga kamodzi komwe kakanatha ndi chipewa ndi mankhwala oyenera, n'kumaliza ndi nkhope yomwe sangatulukenso nayo panja osaiphimba. Inu muli pa miyezi 3, mpata wobwerera ulipo. Tengani botololo mupite nalo kwa dokotala sabata yomwe ino, makamaka wa khungu ngati mungamupeze. Ndikuti mupite nalo chifukwa ngati muli steroid, kusiya mwadzidzidzi kumachititsa nkhope kufiira, kutentha ndi kutuluka nsungu, ndipo ambiri akaona zimenezi amathamangiranso ku botolo lija poganiza kuti ndi lomwe limawathandiza. Dokotala adzakuuzani mmene mungasiyire. Mnzanu amene anakupatsaniyo mumuuzenso, mwina nayenso sakudziwa chomwe akudzola.

Zothandizadi zilipo, ndipo zambiri mwa izo n'zosavuta. Choyamba ndi dzuwa. Mu 2012 magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine inatulutsa chithunzi cha bambo wa zaka 69 yemwe anayendetsa galimoto yaikulu zaka 28. Mbali ya nkhope yake yomwe inkakhala ku zenera inali ndi makwinya akuya ndi khungu logwa, mbali inayo inkaoneka yaing'ono ndi zaka zambiri. Munthu mmodzi, magazi amodzi, zaka zofanana, chosiyana ndi dzuwa lokha. Khungu lakuda lili ndi mwayi, chifukwa melanin amaliteteza mofanana ndi mafuta oteteza ku dzuwa okhala ndi mphamvu yoteteza, yomwe imatchedwa SPF, ya pafupifupi 13, n'chifukwa chake makwinya amatichedwera. Koma ukalamba wa khungu lakuda umaonekera kwambiri m'mawanga ndi kusiyana kwa mtundu, ndipo mawanga a pamasaya ngati omwe mwafotokozawo nthawi zambiri amakhala melasma, yomwe imakula ndi mahomoni ndi dzuwa. Mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa, m'mawa uliwonse, pamodzi ndi chipewa kapena ambulera, amachita zambiri kuposa chilichonse chomwe mungagule. Onani kuti mafuta oyeretsa aja amachotsa melanin yemweyo amene amakutetezani.

Mwa mankhwala odzola, amene ali ndi umboni wokwanira ndi tretinoin. Anayamba ngati mankhwala a ziphuphu, ndipo mu 1995 anavomerezedwa ku America kuti azigwiritsidwa ntchito pa makwinya ang'onoang'ono obwera ndi dzuwa. Amadzoledwa usiku, pang'ono kwambiri, zotsatira zimaoneka pakatha miyezi 3 mpaka 6, ndipo saloledwa kwa mayi woyembekezera kapena amene angatenge pakati. Pa khungu lakuda timayamba mosamala chifukwa akawotcha amasiya mawanga ena. Kwa inu, ayambe khungu lachira kaye ku mafuta aja. Azelaic acid nayenso amathandiza mawanga ndipo savuta. Kupatula apo: mafuta wamba osunga chinyezi monga glycerine, sopo wosawawa, tulo tokwanira, ndipo ngati mumasuta fodya, kusiya. Mafuta olembedwa kuti muli collagen musataye nawo ndalama, collagen ndi wamkulu kwambiri sangalowe pakhungu. Jekeseni wa Botox amafafaniza mizere ya pachipumi kwa miyezi 3 kapena 4 basi, ndipo majekeseni odzaza masaya nawo amatha mphamvu, amafuna kubwereza. Sindinyoza amene amasankha zimenezi, thupi ndi lawo, koma zichitidwe ndi dokotala wophunzira ntchitoyo, chifukwa jekeseni wolowa mu mtsempha wa magazi wa pankhope angathe kupha khungu ngakhale kuchititsa khungu m'maso.

Zonsezi zingakupatseni nkhope yathanzi, yowala, ya mayi wa zaka 48 wodzisamalira. Nkhope ya zaka 23 palibe mankhwala omwe angakubwezereni. Ndikanena mwina ndikhala ndakunamizani, ndipo okunamizani alipo kale ambiri, ena akudya nazo.

Ndiye tibwere ku misozi ija, poti ndikuona kuti vuto lalikulu lagona pamenepo. Anthu adzakuuzani kuti kukongola n'kwa mumtima, maonekedwe alibe ntchito. Amanena ndi mtima wabwino, koma mawuwa sakutonthozani chifukwa inu mukudziwa zomwe nkhope yanu inkakuchitirani. Mukalowa m'chipinda anthu ankakweza mitu. Alendo ankakumwetulirani musanalankhule, pogula zinthu ankakuthandizani msanga, mukalakwitsa ankakukhululukirani mosavuta. Zimenezi zinali zenizeni, ndipo mwakhala nazo zaka 30 mpaka zinasanduka ngati mpweya, chinthu chomwe munthu amachizindikira pokhapokha chikachepa. Chomwe mukulira ndi mmene dziko linkakulandirirani. Munthu akataya chinthu chotere amalira, monga amalirira woimba mawu ake akayamba kusasa kapena wothamanga maondo ake akafooka. Lirani ndithu, musadziimbe mlandu. Chisoni chomwe munthu amachivomereza chimayenda n'kudutsa. Chobisidwa ndi manyazi ndi chimene chimakhalitsa, ndipo ndi chimene chimatumiza anthu kukagula mabotolo opanda dzina.

Pali chinthu chomwe ndachiona pa amayi amene anali okongola kwambiri ali atsikana, ndipo ndichinena mosabisa chifukwa ndikukhulupirira kuti chikuthandizani. Ukalamba umawavuta kuposa anzawo. Mtsikana yemwe sanayamikiridwepo nkhope amaphunzira ali ndi zaka 15 kuti akalowa pagulu ayenera kulowa ndi china: nzeru, nthabwala, luso, khutu lomvetsera, mtima wothandiza. Akamafika zaka 48 amakhala atazolowera, makwinya samulanda kanthu kalikonse komwe ankadalira. Inu munayamikiridwa kuyambira muli wamng'ono pa chinthu chomwe simunachigwirire ntchito, ndipo mawu oyamikirawo anali okweza kwambiri moti ena onse sankamveka. Sindikuti mulibe zina. Muli nazo, mwalera mwana mpaka zaka 22, mwasunga banja, muli ndi anzanu. Koma n'kutheka kuti simunakhalepo ndi chifukwa chodzifunsa kuti anthu amene akhala nanu zaka zonsezi amabwereranji kwa inu. Phunziro lomwe anzanu anaphunzira ali kusukulu lakupezani tsopano, ndipo kuphunzira mochedwa kumapweteka. Yesani izi: funsani anthu awiri kapena atatu omwe amakudziwani bwino kuti akakhala pamavuto n'kuganiza zokuimbirani foni, amayembekezera chiyani kwa inu. Mvetserani osawadula mawu. Mwina mudzadabwa kuti masaya anu sadzatchulidwa n'komwe.

Komanso si zonse zomwe mukumva zikuchokera mwa inu. Imvi za mwamuna anthu amati ndi ulemu, za mkazi amati wadzitaya. Mwamuna wa zaka 55 akamaoneka pa kanema amaloledwa kukhala ndi makwinya ake, mkazi wa msinkhu womwewo amayembekezereka kuoneka ngati wa zaka 35. Pa Facebook, Instagram ndi TikTok nkhope zambiri zomwe mumaona zasalazidwa ndi foni zisanaikidwe, moti eni ake omwe sakufanana nazo. Lipoti la World Health Organization la mu 2021 linapeza kuti munthu mmodzi mwa awiri alionse padziko lapansi ali ndi maganizo onyoza anthu achikulire. Maganizo amenewa timawamwa tili ana, tisanadziwe kuti tsiku lina adzatembenukira ife tomwe. Mawu omwe amakuuzani pagalasi kuti mwatha, mudzifunse kuti munawamva koyamba kwa ndani.

Chithunzi chija nachonso chili ndi kachinyengo kake. Chinasungidwa chifukwa chinatuluka bwino, zomwe zinatuluka moipa zinatayidwa kalekale. Lero mukuchiyerekeza ndi nkhope yomwe mumaiona m'mamawa mutangodzuka, mwayandikira galasi, babu ili pamwamba pa mutu kuzamitsa kadzenje kalikonse. Foni ndiye imaposa apo. Kafukufuku wa mu 2018 anasonyeza kuti munthu akadzijambula foni ili masentimita 30 kuchokera kumaso, mphuno imaoneka yotambalala ndi pafupifupi 30 peresenti poyerekeza ndi chithunzi chojambulidwa pa mtunda wa mita imodzi ndi theka. Palibe munthu wokukondani amene amakuonani mutaima duu, pafupi chotero, akufufuza cholakwika. Amakuonani mukuyenda, mukuseka, mukukalipa, mukufotokoza nkhani ndi manja. Ndipo mu 1977 akatswiri a zamaganizo anaonetsa anthu zithunzi zawo ziwiri, china chenicheni, china chotembenuzidwa monga amadzionera pagalasi. Eni ake ambiri anakonda cha pagalasi, pomwe anzawo apamtima anakonda chenichenicho. Munthu amakonda nkhope yomwe waizolowera. Yanu yasintha msanga kuposa mmene maso anu angazolowerere, ndipo mbali ina ya ululu wanu ndi umenewo, kudabwa ndi mlendo. Kudabwako kumatha. Anthu a m'nyumba mwanu, amene amakuonani tsiku ndi tsiku, mwina sanadabwe n'komwe.

Zimenezi zikundifikitsa kwa bambo a kunyumba. Kukhala chete kwa mwamuna kuli ndi matanthauzo ambiri, ndipo munthu wopwetekedwa mtima amasankha tanthauzo loipitsitsa. Mwina sanaone kusinthako. Mwina aona kuti simukusangalala koma akuopa kulankhula molakwika. Mwinanso nawo akudziyang'ana dazi ndi mimba n'kumameza zawo. Musawafunse kuti, "Kodi ndakalamba?" chifukwa funso limenelo lilibe yankho lomwe lingakukhutiritseni. Auzeni zomwe mwandiuza inezi, kuti munapeza chithunzi n'kulira, ndipo mukufuna kumva kuchokera kwa iwo kuti akukuonanibe. Ngatinso kusintha kwa thupi kwabweretsa kuuma kapena kuwawa mukamakhala malo amodzi, monga zimachitikira amayi ambiri pa nyengo imeneyi, musavutike nazo mwakachetechete, mankhwala ake alipo ndipo amagwira bwino ntchito.

Msinkhu wanu nawo uli ndi mbali yake. Katswiri wa zachuma David Blanchflower anasanthula mayankho a anthu a m'mayiko oposa 130 pa funso la mmene akukhutirira ndi moyo, ndipo mu 2020 analemba kuti chimwemwe chimatsika pang'onopang'ono kuchokera pa unyamata, chimafika pansi penipeni cha m'ma 47 kapena 48, kenako chimayambanso kukwera. Akatswiri ena amatsutsana naye pa zina, ndipo chiwerengero cha anthu ambiri sichilosera za munthu mmodzi. Komabe Laura Carstensen wa pa yunivesite ya Stanford, yemwe watsatira anthu zaka zambiri, anapezanso kuti anthu akamakula mitima yawo imakhazikika, nkhawa ndi mkwiyo zimachepa, ndipo amasankha bwino anthu ndi zinthu zoti ataye nazo nthawi. Zomwe ndimaona kuchipatala zikugwirizana nazo. Amene amalira chifukwa cha nkhope ndi a zaka za m'ma 40 ndi kumayambiriro kwa 50. A zaka 65 amabwera kudzafunsa ngati kabanga kali koopsa, akamva kuti ayi amaseka n'kumapita. Gawo lomwe mukudutsali ndi lotsetsereka kwambiri pa ulendo wonse.

Ndipo mmene mudzaganizire za ukalamba wanu zili ndi ntchito pa thanzi lanu lenileni. Becca Levy wa pa yunivesite ya Yale anasanthula za anthu 660 a zaka 50 kupita m'tsogolo a ku Ohio, omwe anatsatiridwa mpaka zaka 23. Zotsatira zake za mu 2002 zinasonyeza kuti amene ankaona kukalamba kwawo ndi diso labwino anakhala ndi moyo zaka 7.5 kuposa amene ankakuona ngati kutha. Sindikutanthauza kuti muzimwetulira mokakamiza. Chimene ndimatengapo ine n'chakuti munthu amene wadziuza kuti watha amasiya kuyenda, amasiya kupita kuchipatala, amasiya kucheza, pomwe amene akuona kuti zaka 30 zikumudikira amazikonzekera. Pa kukonzekera kumeneku ndikupemphani kuti gawo lina la nthawi yomwe mumathera pagalasi mulipereke ku minofu ndi mafupa. Munthu akadutsa zaka 30 amataya minofu pakati pa 3 ndi 8 peresenti pa zaka 10 zilizonse, ndipo mafupa a mzimayi amafooka msanga akasiya kusamba. Mwa zonse zomwe zaka zimatilanda, minofu ndi yomwe imabwerera tikaiitana, ngakhale pa zaka 70. Kuyenda mwachangu mphindi 150 pa sabata, ndi kunyamula zolemera kapena kuchita masewera olimbitsa miyendo, msana ndi mikono kawiri pa sabata, kudzasintha mmene mumaimira ndi mmene mumayendera. Munthu akamabwera poteropo, chomwe timayamba kuona ndi mayendedwe ake, makwinya timawaona atafika kale.

Mukapita kwa dokotala ndi botolo lija, mutchulenso zina ngati zilipo. Kutopa kosatha, kuthothoka tsitsi ndi khungu louma kwambiri nthawi zina zimachokera ku chithokomiro, kuchepa kwa magazi kapena shuga, ndipo zonsezi zimapimidwa mosavuta. Kabanga kakuda komwe kakukula kapena kusintha kuphazi, pachikhatho kapena pansi pa chikhadabo kafunika kuonedwa msanga, chifukwa pa khungu lakuda khansa ya pakhungu imakonda malo amenewo. Ndipo ngati kulira kuja sikunali kwa usiku umodzi, ngati papita masabata oposa 2 muli wokhumudwa tsiku lililonse, simukugona, mukupewa anthu, mukutha maola pagalasi, kapena mwayamba kuganiza kuti kuli bwino kufa, amenewo ndi matenda ovutika maganizo. Amagwira amayi ambiri pa nyengo yosiya kusamba, ndipo amachizika. Musadikire.

Ndatsiriza dala ndi mwana wanu. Nsanje yomwe mukuchita nayo manyaziyo amayi ambiri amaidziwa, kungoti saitchula. Ndikaiyang'anitsitsa, sindiona mayi wofunira mwana wake zoipa. Ndikuona mayi amene akuona utsikana wake ukuyenda pambali pake utavala thupi la munthu wina. Kumva choncho si tchimo. Choyenera kusamala ndi njira zomwe nsanje yobisika imatulukira: kudzudzula kavalidwe kake kosalekeza, kumunena kunenepa, kukhala chete anthu akamamuyamikira. Mwana amazimva zimenezi ngakhale sadziwa gwero lake, ndipo amayamba kudziona wolakwa chifukwa cha nkhope yomwe munamupatsa nokha. Mukadzimva kuti mawu otere akubwera pakamwa, dziwani komwe akuchokera, muwabweze.

Kumbukiraninso kuti iyeyo akuphunzira kwa inu mmene mkazi amakalambira. Nkhope yanu ya lero ndi yomwe adzakhale nayo zaka 26 zikubwerazi, ndipo akudziwa. Akamakumvani mukudzinyoza pagalasi, mawu omwewo ndi amene adzadziuze akadzafika zaka 48, inu mwina kulibe woti amutsutse. Popeza anthu akumuyamikira nkhope monga ankachitira ndi inu, muli ndi mwayi womupatsa zomwe inu simunalandire: muzimuyamikira mokweza pa zomwe amachita ndi manja ake, mutu wake ndi mtima wake, kuti mawu amenewo nawonso amveke.

Chithunzi chija musachibise ndipo musaching'ambe. Mumuonetse, mumuuze kuti chaka chimenecho munkakhala kuti, munkaopa chiyani, munkalakalaka chiyani, ndani anakujambulani. Kenako mupemphe bambo ake akujambuleni nonse awiri, panja pamthunzi, ataima chapatali pang'ono, ndipo chithunzicho muchitsukitse n'kuchiika pambali pa chakalecho. Mwina tsiku loyamba simudzachikonda. Chisiyeni pomwepo miyezi ingapo maso anu azolowere. Koma izi zonse zibwere pambuyo, sabata ino yambani ndi botolo lija.